Mbalame za ku Likoma zinandichititsa manyazi pamaso pa mlendo

Sabata ino ndiyamba n'kuulula mlandu. Ndili mnyamata ndinapha mbalame zambiri. Legeni sinkachoka m'khosi, matumba a kabudula ankabooka ndi miyala, ndipo kuphika ulimbo ndinkakudziwa kuposa masamu. Mpheta, apumbwa, atimba, njiwa, zonsezi zinalawa moto wa kuseri kwa khola la agogo. Choncho zimene ndilembe pano musazitenge ngati ulaliki wa munthu wa manja oyera. Ndi nkhani ya mlenje wakale amene anakaona malodza pachilumba.

Tchuthi chapitachi, mwezi wa Ogasiti, mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku koleji anandiitanira ku ukwati wake ku Likoma. Ine ndine wa kumtunda, madzi aakulu amene ndinakulira ndi a pachitsime. Komabe ndinalimba mtima n'kukakwera Ilala pa Nkhata Bay. Sitima imeneyi inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, anabwera nayo zidutswazidutswa n'kudzailumikiza ku Monkey Bay, ndipo yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951. Usiku umenewo mwera unkawomba. Nsima imene ndinadya pa Nkhata Bay ndinaibweza kwa eni nyanja tisanafike n'komwe pa Chizumulu.

Kutacha ndinakwera pamwamba kuti ndipitidwe mphepo. Likoma anali atayamba kuoneka, miyala ikuluikulu ndi milambe yopanda masamba itaima ngati anthu odikira alendo. Ndiye kunamveka kulira kwina kwakuthwa, kochokera m'mwamba, kenako kwina kukuyankha. Pafupi nane panali mayi wachizungu wa imvi, atapachika magalasi oonera patali m'khosi. Anadumpha ngati mwana amene waona galimoto ya abambo ake. Ataona kuti ndikumuyang'ana, anavula magalasi aja n'kundipatsa, akuloza pansonga ya mlambe wina wa m'mbali mwa madzi.

Poyamba ndinangoona mdima ndi nsidze zanga. Atandikonzera, dziko linabwera pafupi. Nkhwazi ziwiri zinali pa nthambi imodzi. Mutu, khosi ndi chifuwa zoyera mbee, mimba yofiirira, mapiko akuda, kumaso kwachikasu. Imodzi inaponya mutu kumsana, kukamwa kuli yasa, ndipo patapita kamphindi mawu aja anafika m'makutu mwanga. Ndinaona ngakhale nthenga za pakhosi zikunjenjemera.

Mbalame imeneyi ili pamwamba pa chidindo cha dziko lathu, itatambasula mapiko kutsogolo kwa dzuwa lotuluka. Ili pa ndalama yachitsulo ya K1. Anzathu a ku Zambia anaiika pa mbendera. Ndakhala ndikuijambula pa bolodi ndi choko, ana akukopera. Koma tsiku limenelo m'pamene ndinazindikira kuti m'moyo wanga wonse ndinali ndisanaiyang'anepo. Kuona ndi kuyang'ana n'zosiyana.

Mayi uja anandiuza kuti kwawo ndi ku Britain, ndipo anapuma ntchito ya unamwino. Chaka ndi chaka amasunga ndalama n'kupita kuchilumba china cha kumayiko otentha kukaona mbalame. Anafikako ku Mauritius, ku Seychelles, ku Madagascar ndi ku Pemba ya ku Tanzania. M'chikwama mwake munali kabuku kothaitha momwe amalembamo mbalame iliyonse imene waona, tsiku, malo ndi zimene inkachita. Ndisaname, mumtima ndinati awa ndi mavuto a anthu okhuta. Ndalama yoti n'kumangira nyumba ya malata, munthu n'kuithera pa mbalame imene sadzaidya n'komwe? Koma popeza ukwati unali udakali masiku angapo, ndipo mnzanga anali wotanganidwa ndi ankhoswe, mayiyo atandipempha kuti ndizimuperekeza ngati womasulira ndinavomera.

Kwa amene simunafikeko, Likoma ndi kachilumba ka makilomita pafupifupi 8 m'litali. Ndi dziko la Malawi, koma kazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo mapiri a ku Cobue amaoneka pafupi ngati ungawaponyere mwala. Pa kalembera wa 2018, boma la Likoma, kuphatikizapo Chizumulu, linali ndi anthu oposa 14,000. Nthaka ndi yamchenga ndi miyala, chimene chimachita bwino ndi chinangwa, mango ndi milambe. Pa Chipyela pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903. Kummwera kuli mudzi wotchedwa Nkhwazi. Dzina lokhalo likukuuzani kuti eni malowo anayamba kale kuyang'ana kumwamba.

Tinkanyamuka dzuwa lisanatuluke, chifukwa mbalame zimadya ndi kuimba kwambiri m'mamawa, kukatentha zimabisala. Ndinaphunzira kuti ntchitoyi ili ndi malamulo ake. Dzuwa lizikhala kumsana kwako kuti mitundu ya nthenga ioneke. Usavale zowala. Usaloze ndi dzanja mothamanga. Ukaona mbalame yachilendo usathamangire kutsegula buku, yamba waiyerekeza ndi imene ukuidziwa: kodi ikuposa mpheta, ikufika pa njiwa, kapena pa khwangwala? Kenako yang'ana mlomo, chifukwa mlomo ndiwo umaulula chimene mbalame imadya. Waufupi wonenepa ndi woswa njere, wautali wopindika ndi womwa timadzi ta m'maluwa, wosongoka ngati mkondo ndi wogwira nsomba. Ndinaseka ndekha. Kuyenda monyang'ama, kusunga mphepo, kudziwa mtengo umene wapsa zipatso, zonsezi ndinazidziwa kale ndili ndi legeni. Chosiyana chinali mapeto ake okha.

Pamiyala ya m'madzi tinapeza mphipi zitandandalika, zina zitayanika mapiko padzuwa. Nthenga za mphipi zimalowa madzi, zimene zimaithandiza kumira msanga pothamangitsa nsomba, koma ikavuuka iyenera kuyanika. Miyala imene zimagonapo inali yoyera ndi zitosi, monga amanenera za chilumba cha Boadzulu ku Mangochi. Tinaonanso kambalame ka mawanga akuda ndi oyera, ka mlomo wautali wakuda, kamene kamaima malo amodzi m'malere kakukupiza mapiko, mutu utaloza pansi, kenako n'kudzigwetsa m'madzi ngati mwala. Kakagwira kansomba kakang'ono kamatha kumeza kali kuuluka, n'chifukwa chake kamasaka kutali ndi gombe kumene anzake a mtundu womwewo safika.

Apa m'pamene manyazi anayambira. Mayi uja anatulutsa cholembera n'kunena kuti kulikonse kumene amapita amalemba dzina la mbalame m'chinenero cha eni dziko. "Aphunzitsi, iyi mumaitcha chiyani?" Nkhwazi ndinayankha. Khwangwala, kakowa ndi njiwa ndinayankha. Atandilozera yachisanu, yachisanu n'chimodzi, yachisanu n'chiwiri, yankho langa linali limodzi: "Imeneyo timangoti mbalame." Iye ankalemba osanena kanthu, koma ine thukuta linali kamukamu ngakhale kunali mwera. Munthu wophunzitsa sayansi ya zamoyo, wodziwa kutchula ziwalo za m'kati mwa mbalame m'Chingerezi, kulephera kutchula mbalame yamoyo m'chinenero chimene anayamwa!

Anandipulumutsa ndi agogo ena amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Anatiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Aphunzitsi, mlendo wanuyo akufuna chiyani m'mitengomo?" Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola. Anaika singano pansi n'kuyamba kutchula. Sanafune magalasi. Zina ankazidziwa ndi kulira kokha, nkhope ili pa ukonde. Anatiuza ya nyengo ya mvula ndi ya chilimwe, imene imamanga m'mabango ndi imene imaboola chigwembe cha mchenga. Anatchula vuwo, chiswankhono ndi tsekwe zimene anaziona pa maulendo awo a usodzi kumadambo a kutsidya. Anati anamzeze ochuluka amafika mvula ikayandikira, ndipo nkhungu zikafuka panyanja ngati utsi, iwo ndiwo amayamba kudya anthu asanatulutse madengu.

Mayi uja anawonjezera kuti ambiri mwa anamzeze amenewo amaswera ku Ulaya ndi ku Asia, ena m'makola a ng'ombe a kwawo komweko, ndipo amauluka makilomita masauzande kudutsa chipululu cha Sahara kudzadya kuno kwawo kukazizira. Nditamasulira, agogo aja anagwedeza mutu. "Ndiye kuti iwowa ndi ine timaweta mbalame imodzi," anatero. Kuyambira pamenepo anthu awiriwa ankacheza ngati anzake akale, ine ndili pakati ngati mlatho.

Za nkhwazi aliyense anali ndi mbali yake. Agogo anati yaikazi ndiyo yaikulu, ndipo banja limodzi limabwerera pachisa chomwecho chaka ndi chaka, likuwonjezera nkhuni mpaka chisacho chimakula moti munthu n'kukhalamo. Anati ndi mbala yotheratu, imalanda nsomba kwa mbalame zinzake, ndipo ikagwira nsomba yoilemera simaisiya koma imapalasa madzi ndi mapiko mpaka kumtunda. Mayi uja anati mapiko a yaikazi akatambasuka amaposa mamita 2, imaikira mazira osapitirira 3 m'nyengo ya chilimwe, n'kuwafungatira masabata 6. Mwana wake amakhala wabulawuni wa mawangamawanga, ndipo zimamutengera zaka 4 kapena 5 kuti avale zoyera za makolo ake. Pamenepo ndinamvetsa kanthu. Mpheta imaswa ana ambiri mofulumira. Nkhwazi ukaipha imodzi, kapena kugwetsa mtengo wa chisa chake, dzenje lake limatenga zaka kuti likwiririke.

Tinaonanso nantchengwa akuyenda m'madzi osaya, mutu wake wonga nyundo. Chisa chake ndi nyumba yeniyeni, ya denga ndi khomo la m'munsi, yomangidwa ndi timitengo masauzande, yolimba moti munthu akhoza kuimapo. Agogo anga ankati wopasula chisa cha nantchengwa amadziitanira tsoka, ndipo agogo a ku Likoma ananena chimodzimodzi. Ndili mwana ndinkaopa. Nditapita kusukulu ndinkati n'zikhulupiriro zachabe. Lero ndikuona kuti mwa mbalame zonse za kwathu, imene legeni yanga sinaiyandikirepo ndi imeneyi. Mantha aja anagwira ntchito imene chikwangwani cha boma sichikanaigwira.

Madzulo ena tili pagombe ndinafunsa mayi uja chifukwa chimene amakondera zilumba, pamene mbalame zambiri zili kumtunda. Dziko lathu lokha lili ndi mitundu pafupifupi 650. Anandiyankha ndi nkhani ya dodo. Inali mbalame yaikulu ya ku Mauritius, mbale wake wa nkhunda, yosauluka. Amalinyero a ku Holland anafika pachilumbacho mu 1598. Pofika m'ma 1660 dodo anali atasowa, ndipo sanaonekenso. Anthu anadyako, koma chimene chinamaliza ndi nyama zobwera ndi zombo, nkhumba, makoswe ndi anyani, zimene zinkadya mazira, kuphatikizapo kugwetsa nkhalango.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mbalame ikafika pachilumba chakutali kumene kulibe mphaka, fisi kapena khoswe, mibadwo ikamapita imaiwala mantha. Ina imasiya kuuluka popeza kuuluka kumadya mphamvu ndipo palibe chothawa. Imaikira pansi, mazira ochepa. Imasintha mpaka kukhala mtundu wakewake wosapezeka kwina kulikonse, monga zinachitikira ku Galapagos kumene Charles Darwin anafika mu 1835. Ku Pemba kuli mitundu 4 yotere, kuphatikizapo kadzidzi wamng'ono ndi njiwa yobiriwira. Ndiye mdani akafika, mbalameyo ilibe kothawira, ndipo kulibe abale kwina oti n'kudzadzaza malo. Ku Guam njoka imodzi yobwera m'katundu wa zombo nkhondo yachiwiri itatha inamaliza pafupifupi mbalame zonse za m'nkhalango. Unyinji waukulu wa mbalame zimene zatheratu padziko m'zaka 500 zapitazi unali wa pazilumba. Paja amati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba. Dodo analibe mantha.

Koma anandiuzanso nkhani ziwiri zolimbitsa mtima. Ku Mauritius komweko kuli kamphamba kena kamene mu 1974 kanatsala 4 kokha m'tchire, chifukwa cha kutha kwa mitengo, mankhwala a DDT ndi nyama zodya mazira. Akatswiri, mmodzi mwa iwo Carl Jones wa ku Wales, ankatenga mazira oyamba n'kukawaswetsa m'nyumba kuti makolo aikirenso ena, n'kukhoma mabokosi m'mitengo oti zizisweramo. Lero zilipo mazana. Ku Seychelles, pa kachilumba ka Cousin, kambalame kena koimba kanatsala kosakwana 30. Mu 1968 bungwe limene lero likutchedwa BirdLife International linagula chilumbacho, chimene chinali munda wa kokonati, n'kulola mitengo yachilengedwe kumeranso. Zitachuluka anasamutsako zina kuzilumba zoyandikana, ndipo tsopano zikuwerengedwa m'masauzande. Ku Cousin mankhwala aakulu anali kungobweza mitengo.

Ndinafunsa ngati Likoma ali ndi mbalame yakeyake. Anati chilumbachi chili pafupi kwambiri ndi mtunda, mbalame zimawoloka mmene zafunira n'kumakwatirana ndi za kutsidya, choncho sizingapatuke. Koma anandiuza kuti ndiyang'ane pansi pa madzi. Timbuna, tinsomba tokongola ta m'miyala tija, sitiwoloka madzi akuya kapena mchenga wautali. Kwa ito mulu uliwonse wa miyala ndi chilumba, n'chifukwa chake Likoma ndi Chizumulu ali ndi mbuna zosapezeka kwina. Ndi nsomba zotere zimene zinachititsa kuti paki ya Lake Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1980, iikidwe pa mndandanda wa UNESCO mu 1984. Phunziro limene ndimavutika nalo m'kalasi ndi zithunzi za ku Galapagos linali pansi pa mapazi anga.

Tsiku lachitatu kunachitika zimene zandipangitsa kulemba nkhaniyi. Tili kwa agogo aja, panadutsa mnyamata wa zaka ngati 10, legeni m'khosi, mpheta zitatu zakufa atazimanga miyendo ndi luzi. Nkhope ya mayi uja inasintha. "Muuzeni kuti imeneyi ndi nkhanza, mbalamezi zinali ndi moyo ngati iye," anatero mawu akunjenjemera. Ndinayang'ana mwana uja ndipo ndinadziona ndekha zaka 25 zapitazo. Ndinalephera kumasulira. M'malo mwake ndinati, "Iwe, mayiwa akufunsa kuti mbalamezi ukupita nazo kuti?"

Mwanayo anayankha maso ali pansi. "Kunyumba. Mwerawu abambo sanalowe m'madzi masiku atatu, ndiwo kulibe." Mawu amenewa ndinawamasulira onse osasiyapo. Mayi uja anakhala chete. Kenako anatsegula chikwama, akufuna kugula legeniyo kuti mwanayo akagule ndiwo n'kusiya kupha. Agogo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, auzeni asayerekeze. Akagula legeni imodzi lero, mawa ana onse a pachilumba pano afika ndi malegeni, ndi mbalame zakufa zoonetsa kuti legeniyo imagwira ntchito."

Atatero anaitana mwana uja n'kuzitembenuza mpheta zija. Anamufunsa ngati anazitenga pachisa. Mwanayo anakana. "Chabwino. Ya pachisa sitipha, chifukwa wapha ndi ana omwe. Nkhwazi sitidya. Nantchengwa sitimuputa. Namzeze akamanga pakhonde ndi mlendo wa nyumba. Pita." Mwana atapita anatitengera kuseri kwa nyumba n'kutionetsa chitsa chachikulu. Anati pamenepo panali mtengo umene nkhwazi zinkaswerapo iwo ali anyamata, ndipo unapita kowamba nsomba. Nkhuni zambiri za pachilumbapo tsopano zimachokera kutsidya pa ngalawa. "Legeni inalipo kuyambira makolo, mbalame sizinathe. Chimene chikumaliza ndi nkhwangwa, ndi masikito amene anthu akukokolola nawo tiana ta nsomba. Nsomba zikatha, mphipi ndi nkhwazi zidya mchenga?"

Usiku umenewo sindinagone bwino. Ndinanamiza mlendo pomasulira, ndipo m'mawa mwake ndinamuuza zoona. Sanakwiye. Anati kwawo mbalame zambiri za m'minda zachepa kwambiri popanda mwana aliyense wa legeni, chifukwa cha ulimi wa makina ndi mankhwala, choncho analibe pomwe angaimire n'kudzudzula mwana wa njala. Ine ndinamuuzanso kuti sindikuyeretsa legeni. Ku nyanja ya Chilwa, imene inalowa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse m'zaka za m'ma 1990, madzi akaphwa monga mu 1995 ndi 2018 asodzi ambiri amatembenukira ku mbalame za m'mabango, ndipo kumeneko zimagwidwa zochuluka zogulitsa pamsika. Kupha kwa ndiwo ya tsiku limodzi ndi kupha kodzaza matumba n'zosiyana. N'chifukwa chake alenje a kumeneko anakhazikitsa magulu awo oika nyengo ndi malo oletsedwa kusaka. Lamulo limene agogo anapatsa mwana uja ndi lomwelo, kungoti linalibe chidindo.

Maganizo anga ndi awa. Amene amatiuza za kusamala zachilengedwe akayamba n'kunyoza mphika wa munthu wosauka, palibe adzawamvere. Komanso ife tikamabisala kuseri kwa umphawi n'kumati za mbalame n'zachizungu, tikunama, chifukwa agogo aja sanaphunzire kwa mzungu. Makolo athu anali ndi mayina, nyengo ndi zoletsa. Chimene chatayika ndi njira imene nzeruzo zinkadutsa kuchoka kwa agogo kufika kwa mdzukulu, ndipo mmodzi mwa anthu amene anaidula ndi ine, mphunzitsi amene ndimapatsa mwana malikisi akatchula mbalame ya ku Galapagos koma sindinamufunsepo dzina la imene ikulira padenga la kalasi.

Ukwati unayenda bwino, tinavina mpaka fumbi koboo. Koma pobwerera, minibasi ikukwera mapiri kuchoka kunyanja, ndinayamba kuona dziko mwatsopano. Minda mbali zonse, yopanda mtengo, kenako kamulu ka mitengo yobiriwira, kenako minda, kenako kamulu kena. Mukudziwa nonse kuti timilu timeneti ndi chiyani. Ndi manda. M'midzi yambiri mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha, kumene nkhwangwa imaopa kulowa. Kwa mbalame ya m'nkhalango imene siingakhale m'munda wa chimanga, manda ndi chilumba, ndipo minda yathu ndiyo nyanja. Ndinawoloka madzi usiku wonse kukaphunzira za zilumba, chilumba chili kuseri kwa nyumba yanga.

Mapiri athu ali chimodzimodzi. Nkhalango zobiriwira za pa Mulanje, Zomba, Ntchisi ndi Nyika ndi zilumba za m'mwamba, zolekanitsidwa ndi zigwa zotentha. Pali kambalame kamene m'mabuku kamatchedwa Thyolo alethe, kopezeka m'nkhalango za m'mapiri a kummwera kwa Malawi ndi mapiri ochepa a kumpoto kwa Mozambique basi. Nkhalango ya paphiri la Thyolo, imene inakapatsa dzina, inagwetsedwa pafupifupi yonse. Nkhani ya dodo tisamaione ngati ya kutali.

Sukulu zitatsegulidwa ndinaitana ana a kalabu ya zachilengedwe, imene kunena zoona inali itasanduka kalabu yosesa pabwalo. Ndinawapatsa ntchito: aliyense akakhale pansi ndi agogo, amalume kapena mbusa wa ng'ombe, alembe mayina a mbalame m'chinenero cha pakhomo, maonekedwe, kaliridwe, chimene imadya, mwezi umene imaoneka, ndi chimene akulu amanena za iyo. Loweruka m'mamawa timayenda njira imodzimodzi, kuchokera kumitengo ya sukulu, kudutsa kudambo, mpaka m'mphepete mwa manda, kumene a mfumu anatilola kuima kunja osalowa. Tilibe magalasi. Tili ndi kope la masamba 80 ndi makutu. Amene akutsogola si ana anzeru za m'kalasi ayi. Ndi anyamata a malegeni, aja amakhala kumbuyo. Mmodzi amene sanayankhepo funso chaka chonse anatiphunzitsa kusiyanitsa njiwa za mitundu itatu ndi kulira kokha. Ndinamupatsa udindo wosunga kope, ndipo ndinaona kuti kugwira kope ndi legeni nthawi imodzi n'kovuta.

Sindinawalonjeze ntchito, koma ndinawauza zoona. Alendo ngati mayi uja amabwera ku Liwonde, ku Dzalanyama, ku Zomba ndi ku Nyika kudzafuna mbalame zenizeni zimene anaziwerenga m'mabuku, ndipo amalipira munthu wodziwa pamene zili. Mbalame yowotcha imadyedwa kamodzi. Yamoyo ikhoza kuonetsedwa kwa mlendo lero, mawa ndi chaka chamawa. Ndipo ngakhale mlendo asabwere, kadzidzi amene timamugenda amatichotsera makoswe m'nkhokwe, akakowa ndi anamzeze amadya tizilombo ta m'munda popanda kuponi.

Kwa aphunzitsi anzanga, makalabu amenewa alipo m'sukulu zambiri mothandizidwa ndi bungwe la WESM, tisawasandutse osesa. Kwa mafumu, mitengo ya kumanda ndi ya m'mbali mwa mitsinje muigwiritsitse, ndipo ngati n'kotheka pakhale mizere ya mitengo yolumikiza malo amenewa, kuti chilumba chisakhale chokhachokha. Kwa makolo, mwana akabwera ndi mpheta musangolandira, mufunseni ngati anaitenga pachisa.

Ndipo kwa inu nonse, ndasiya dala kutchula dzina la kambalame ka mawanga akuda ndi oyera kaja, koima m'malere pamwamba pa madzi. Agogo a ku Likoma anandipatsa lawo, lili m'kope mwanga. Ndikufuna ndimve la kwanu: a ku Nkhotakota, a ku Mangochi, a ku Chisi, a m'mbali mwa Shire, ngakhale a ku Chipata ndi ku Tete. Lembani kalata ku tsamba lino, mutchulenso mbalame imodzi imene munkaiona muli ana koma tsopano simukuionanso. Mayankho anu ndidzawerengera ana anga a Loweruka, ndipo ena tidzawasindikiza pano. Tikumane sabata yamawa.